Kalata yotseguka kwa a Nduna oona za magetsi ndi migodi: musalembe mamita a zitsime za ku Chiweta musanayeze

Olemekezeka a Nduna, pamodzi ndi akuluakulu a EGENCO, a nthambi ya Geological Survey ku Zomba ndi aphungu amene mumavomereza ndalama za ntchito zamagetsi,

Takulemberani ife amene ntchito yathu ndi miyala, madzi a pansi pa nthaka ndi kuboola zitsime. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi, wa Shire, ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 tonse tinaona tanthauzo lake: mamegawati pafupifupi 130 anazima nthawi imodzi, osabwerera kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake maso a ofuna njira ina yopangira magetsi amatembenukira ku akasupe a madzi otentha a m'mbali mwa nyanja, monga a ku Chiweta, ndipo funso limene limayamba kutuluka pakamwa pa wosunga thumba ndi lakuti: tiboole mamita angati? Ena amayankha kuti 3,000, poti ku Kenya amatero. Ena amaona nthunzi ikufuka pa kasupe n'kumati makina a mijigo akwanira. Onsewa angathe kukumizirani ndalama m'dzenje, ndipo zitsanzo zake zili kwa anansi athu.

Tiyambire pa mmene nthaka ilili. Mukatsika mamita 10 kapena 15, kutentha kwa nthaka sikusinthanso ndi nyengo. M'mbali mwa nyanja kumakhala cha m'ma madigiri 25. Kuchokera pamenepo kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Choncho munthu woboola paliponse pamene waponda, akufuna madigiri 120, ayenera kutsika makilomita atatu kapena anayi. Akafikako adzapeza thanthwe lotenthadi, koma louma ndi lothinana, lopanda njira ya madzi. Kutentha kopanda madzi okutengera kumtunda sikuyatsa babu ngakhale limodzi.

Nanga madzi a ku Chiweta, ku Rumphi, amene amatuluka pa madigiri oyandikira 80, amawatenthetsa ndani? Pansi pathu palibe chiphalaphala chapafupi. Ndi madzi a mvula ogwa kumapiri, amene amalowa m'ming'alu ikuluikulu ya matanthwe imene inang'amba chigwa cha nyanja yathu, n'kutsika makilomita angapo, n'kutenthedwa ndi miyala, kenaka n'kukwera msanga mu mng'alu wina asanazizire. Ntchito ya chitsime si kukafika kumene madziwo anatenthedwera ayi, koma kukawadulira njira akukwera. Ndiye kuya kwa chitsime amalamula ndi mng'alu: uli pati, wapendekera kuti, ndipo ndi pati pamene uli wotseguka. Mamita olembedwa mu bajeti mng'alu suwadziwa.

Apa m'pamene chitsanzo cha Kenya chimasokeretsa. Olkaria, malo opangira magetsi ndi nthunzi ya pansi pa nthaka, kumene makina oyamba a mamegawati 15 anayamba kugwira ntchito mu 1981, ili pa nthambi ya kum'mawa ya chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamwamba pa mapiri a moto. Kumeneko zitsime za mamita 2,000 mpaka 3,000 zimapeza madigiri oposa 250 ndipo nthunzi imadzikankha yokha. Ife tili pa nthambi ya kumadzulo, ndipo mapiri a moto oyandikira kwambiri ndi a ku Rungwe, ku Tanzania. Dziko la Rwanda, lomwe lili pa nthambi yathu yomweyi, linaboola zitsime ziwiri m'mphepete mwa phiri la Karisimbi mu 2013 ndi 2014. Choyamba chinapitirira mamita 3,000, koma pansi pake sipanafike ngakhale madigiri 100. Chachiwiri anachisiyira panjira. Makina anali abwinobwino. Chithunzi cha zimene zili pansi ndicho chinali cholakwika, ndipo kuwonjezera mamita sikukonza chithunzi cholakwika.

Mbali inayo ili ku Zambia. Ku Kapisya, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, m'zaka za m'ma 1980 anaika makina awiri opanga magetsi, a makilowati 200 onse pamodzi, ndi thandizo la dziko la Italy. Zitsime zimene anaboola pafupi ndi akasupe zinali zosazama, madzi ake sanafike kutentha kumene makinawo anapangidwira, ndipo makina anangokhala osagwira ntchito. Anagula mbereko mwana asanabadwe.

Kafukufuku amene anachitika kuno cha pakati pa zaka za m'ma 2010 ndi ndalama za World Bank anaika Chiweta ndi Kasitu, ku Nkhotakota, patsogolo pa malo ena, ndipo zoyeza za mchere wa m'madzi zinaloza kuti pansi pali kutentha kopitirira madigiri 100 koma kosafika 150. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza kuchokera pamwamba, ndipo zimatha kunama madzi otentha akasakanikirana ndi ozizira panjira. Komabe zikutiuza mtundu wa chuma chimene tili nacho: madzi otentha pang'ono, osati nthunzi ya ku Olkaria.

Chotero funso loyamba lisakhale la mamita koma la madigiri amene ntchitoyo ikufuna. Maiwe a chambo amafuna madzi a madigiri 27 mpaka 30. Mazira a nkhuku amaswa pa 37 ndi theka. Kuumitsa usipa, makaka kapena mpunga kumafuna mpweya wa madigiri 50 mpaka 60, balani ya fodya wa flue-cured imakwera kufika cha m'ma 70, mkaka umaphedwa tizilombo pa 72, ndipo madzi a 85 kapena 90 amatha kuyendetsa makina oziziritsa chipinda chosungiramo nsomba. Zambiri mwa izi zingatheke ndi madzi amene kasupe wa ku Chiweta akutaya lero, kapena ndi chitsime cha mamita mazana ochepa. Choletsa n'chimodzi: kutentha sikuyenda ulendo wautali. Paipi yokutidwa bwino ingakufikitseni makilomita ochepa, choncho choumitsira nsomba chiyenera kumangidwa pafupi ndi chitsime. Zotenthetsera nyumba, zija za ku Ulaya zoboola mamita 50 mpaka 200 n'kulowetsamo mapaipi a heat pump, si vuto lathu. Kunyanja munthu amalira chomuziziritsa.

Magetsi ndiye nkhani ina, ndipo tikupemphani muwerenge nafe. Madzi a madigiri 120 sangazungulitse makina a nthunzi. Amafuna makina a binary, mmene madzi otentha amawiritsa mafuta ena owira msanga, mpweya wa mafutawo n'kuzungulitsa injini. Tiyerekeze kuti chitsime chikupereka malita 50 pa sekondi, ndipo mukuwaziziritsa kuchoka pa 120 kufika pa 70. Chulukitsani 50 ndi 4.2 ndi kusiyana kwa madigiri 50: mupeza makilowati 10,500 a kutentha. Pa kutentha kotere makina amasandutsa magetsi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, mwinanso kucheperapo. Ndiye megawati imodzi, ndipo mapampu ndi zoziziritsira zidyapo gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Malita 50 pa sekondi si ochepa. Mjigo wa pamudzi supereka ngakhale theka la lita pa sekondi. Aliyense wobwera ndi lonjezo la mamegawati 30 mumufunse kuti ndi zitsime zingati, za malita angati, pa madigiri angati.

Mudzamvanso za Chena ku Alaska, kumene amapanga magetsi ndi madzi a madigiri 74 okha kuyambira 2006. N'zoona, koma kumeneko amaziziritsa makina ndi madzi ozizira ngati ayezi. Makinawa amadalira kusiyana kwa kutentha ndi kuzizira. Madzi a m'nyanja yathu satsika pa madigiri 22 ngakhale pansi penipeni, ndipo mpweya wa mu Okutobala ku Chiweta mukuudziwa.

Tsopano ndondomeko yoboolera, imene ili pamtima pa kalatayi. Imayenda m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ndiyo imatchula mamita a yotsatira.

Makina asanabwere, akatswiri ayende wapansi kujambula ming'alu yonse, kuyeza kumene yaloza ndi mmene yapendekera, makamaka pamene iwiri yakumana, chifukwa m'pamene thanthwe limakhala lophwanyika. Zotsatira za kauniuni, kafukufuku wa miyala uja amene boma linachita pandege, zimathandiza kuona ming'alu ikuluikulu, koma sizisankha pamene chitsime chikhale. Pafunika kuyeza mmene nthaka imalolera magetsi kudutsa, mwa njira zimene akatswiri amazitcha MT ndi TEM, m'mizere yodutsa mng'alu mopingasa. Zimene zinayezedwa kale zitulutsidwe m'makabati zionedwenso. Kuyezanso kumene payezedwa n'kutaya ndalama.

Sitepe yoyamba yoboola ndi maenje oyezera kutentha, a mamita 150 mpaka 300, asanu kapena khumi, omwazidwa mbali zonse za mng'alu, ena kutali ndi kasupe. Awa si otunga madzi. Mumalowetsamo paipi yachitsulo ya mainchesi awiri yotseka kunsi, kuimata ndi simenti kunja, kuidzaza madzi, n'kuisiya milungu ingapo. Kenaka mumatsitsa choyezera n'kulemba kutentha pa mamita asanu alionse. Msampha wake ndi uwu. Madzi otentha akakwera mu mng'alu, nthawi zambiri amayenda cham'mbali pansi pa nthaka, m'mchenga kapena m'miyala yowola, kulowera kunyanja. Dzenje loboola pamwamba pa mtsinje wobisikawu lionetsa madigiri 70 pa mamita 80, ndipo munthu wa changu ajambula mzere n'kulengeza kuti pa mamita 300 pali madigiri 200. Pitirizani kuboola: pa mamita 150 kutentha kwatsika kufika 50. Mwangodutsa madzi odutsa. Dzenje lililonse liziboolekera mpaka mzere wa kutentha utaonetsa khalidwe lake lenileni, ndipo lipoti losonyeza mzere wongojambula kupitirira pamene makina anafika musalilandire ngati umboni.

Sitepe yachiwiri ndi zitsime zopapatiza ziwiri kapena zitatu, za mamita 600 mpaka 1,200 malinga ndi zimene maenje aja anena. Zimaboolewa ndi makina otulutsa mwala wathunthu, a mtundu umene wagwira kale ntchito yofufuza miyala ku Kangankunde ndi ku phiri la Songwe, dzenje lake la mamilimita 96 kumtunda ndi 76 kunsi. Ubwino wake ndi wakuti mwala mumaugwira m'manja, n'kuona ming'alu yotseguka ndi yomwe inatsekedwa ndi mchere kalekale. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka chitsime chachikulu, ndipo galimoto zake zingakwere msewu umene makina aakulu sangadutse.

Pamene chitsimechi chiyenera kuima pamafuna masamu pang'ono. Ming'alu ya chigwa chathu siyimirira chilili. Yambiri imapendekera pa madigiri pafupifupi 60. Mukaika makina pa kasupe penipeni n'kuboola chotsika, mng'alu muudutsa m'mamita oyambirira, ndipo otsalawo mukuboola thanthwe lozizira la kuseri kwake. Kuti mukumane nawo pa mamita 1,000, makina aime mamita pafupifupi 580 kuchoka pamene mng'alu waonekera pamwamba, ku mbali imene wapendekera. Mukafuna kukumana nawo pa 500, aime pa 290. Mukalakwitsa kupendekerako ndi madigiri khumi okha, malo okumanirana amasuntha ndi mamita mazana. Ku Chiweta malo a pakati pa phiri ndi nyanja ndi opapatiza, msewu wa M1 ukudutsa pomwepo, ndipo nthawi ya dzinja miyala imagumuka. Pena masamu adzaloza pamene pali munda wa munthu, pena m'madzi. Zikatero ndiye muboola mopendeketsa, ndipo zimenezi zilowe mu tenda kuyambira pachiyambi.

Zitsime zazikulu zibwere pokhapokha zopapatiza zitatsimikiza kutentha ndi kuchuluka kwa madzi. Chimodzi cha makilomita awiri chimadya madola mamiliyoni angapo, ndipo kafukufuku wa 2013 wa IFC, nthambi ya World Bank, anapeza kuti chitsime choyamba pa malo atsopano chimapambana pafupifupi theka la nthawi. Kukonzekera chitsime chimodzi chokha n'kuchita juga. Kamangidwe kake ndi ka mapaipi achitsulo olowetsana, a mainchesi 20, 13 ndi 9 ndi kanthu, iliyonse yomatidwa simenti kuchokera kunsi mpaka pamwamba, ndi yomaliza ya mainchesi 7 yoboolaboola polowera madzi. Kwa ife paipi ya mainchesi 13 ija itsike mamita 300 kapena 400, chifukwa madzi athu sadzadzikankha mokwanira ndipo pampu iyenera kukhala mmenemo, itamira kwambiri kuti madzi asawire kapena kutulutsa mpweya. Mpweya ukathawa, laimu amamera m'paipi ngati m'ketulo yakale, dzenje n'kumachepa mwezi ndi mwezi.

Zimene zimalakwika n'zodziwika, ndipo zambiri zimayambira pa kusunga ndalama pamalo olakwika. Mapaipi a PVC a mijigo amafewa kutentha kukapitirira madigiri 60. Alibe malo pa ntchito iyi, ngakhale m'maenje oyezera. Simenti ikasiya thumba la madzi pakati pa mapaipi awiri, madziwo akatenthedwa amafufuma n'kufinya paipi ya m'kati mpaka kutseka chitsime. Paipi yomatidwa ikathera pamwamba pa madzi ozizira a m'nthaka, ozizirawo amatsikira m'chitsime n'kupha kutentha kumene mwalipira. Nsonga ya makina ikalowa mu mng'alu wotseguka, matope oboolera amathawira mmenemo osabwerera. Kumtunda limeneli ndi vuto lofuna kutseka. Pa kuya kumene mukusaka ndi uthenga wabwino, ndipo kontirakitala amene adzathiremo simenti kapena dongo la bentonite kuti ntchito yake iyende wakutsekerani madzi amene munamutuma. Pamenepo aboole ndi madzi okha, ndipo pa chitsime chachikulu angafune malita makumi angapo pa sekondi usana ndi usiku. Mapampu awiri ndi dziwe losungira zikhalepo asanayambe.

Choopsa kwambiri ndi chitsime kuphulika. Ku Kibiro, m'mbali mwa nyanja ya Albert ku Uganda, dzenje loyezera kutentha linaphulika mu Marichi 2020, n'kulavula mpweya, matope ndi mafuta pafupi ndi mudzi, ndipo ntchito inaimitsidwa. Linali dzenje laling'ono, la mtundu umene anthu amaupeputsa. Dera la Chiweta lili ndi miyala ya malasha, mgodi wa Mchenga uli pafupi, ndipo pamene pali malasha mpweya woyaka sukhala patali. Makina alionse oboola kumeneko akhale ndi chotsekera pakamwa pa chitsime chimene oboola amati BOP, chomangidwa pa paipi yomatidwa simenti ndi kuyesedwa pamaso pa woyang'anira wa boma, kuphatikizapo zoyezera mpweya ndi madzi ozizira okonzeka kuthiridwa.

Chitsime chikatha, musafulumire kuitana atolankhani. Madzi oboolera amakhala ataziziritsa miyala, ndipo kutentha kwenikweni kumabwerera pang'onopang'ono. Muyeze patapita tsiku, sabata, mwezi, mwinanso miyezi iwiri. Kenaka mupope kwa milungu ingapo mukuyang'ana mmene madzi akutsikira m'chitsimemo, m'zitsime zoyandikana ndi pa kasupe. Makina opanga magetsi aodedwe pambuyo pa mayesowa, pa madigiri ndi malita amene mwagwira, osati amene munalota.

Madzi opopedwawo ayenera kubwezedwa pansi, ndipo chitsime chobwezera chilowe mu bajeti limodzi ndi chotunga. Zifukwa n'ziwiri. Mukangotunga osabweza, mphamvu ya madzi imatsika ndipo kasupe amene anthu amasamba ndi kuchapapo angaume. Komanso madzi otentha a m'chigwa chathu ali ndi fluoride wochuluka kuposa muyezo wa WHO wa mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo ndi ameneyu amadetsa mano a ana m'madera ena. Kuwatayira mu mtsinje kapena kuwalola kulowa m'mijigo ya pafupi n'kusamutsira vutolo m'kamwa mwa anthu. Chitsime chobwezera chisayandikire kwambiri chotunga pa mng'alu womwewo, kuopa kuti madzi ozizira angabwerere m'miyezi yochepa; mankhwala olondolera madzi amaonetsa njira yake.

Padzabweranso ena onena kuti masiku ano kuya sikulinso vuto: boolani makilomita anayi kapena asanu paliponse, ng'ambani thanthwe ndi mphamvu ya madzi. Lusoli lilipo ndipo likukula, koma ku Basel ku Switzerland linadzutsa chivomerezi cha mlingo wa 3.4 mu 2006 ntchito n'kutsekedwa, ndipo ku Pohang ku South Korea cha mu 2017 chinapitirira 5 n'kuwononga nyumba zambiri. Anthu a ku Karonga amene anagona panja mu Disembala 2009 safunika kuuzidwa kuti ming'alu ya kumpoto ili moyo. Ngakhale pa kubweza madzi wamba, zoyezera zivomerezi ziikidwe miyezi ingapo ntchito isanayambe, kuti pakadzagwedezeka mudzadziwe ngati ndi inu kapena ndi chilengedwe.

Zotsalazo ndi za m'kontirakiti, ndipo zili m'manja mwanu. Kulipira pa mita iliyonse, monga timachitira ndi mijigo, kumamupatsa kontirakitala chifukwa chopitirizira kuboola ngakhale cholinga chapezeka kapena chalephereka. Kumulipira pokhapokha akapeza madzi otentha kumathamangitsa makampani odziwa ntchito, chifukwa amene wasankha malo si iwo. Lipirani pa tsiku, mulembe kuya koyembekezeka ndi malire owonjezera kapena kuchepetsa, ndipo mphamvu yonena kuti imani pano ikhale ndi katswiri wa miyala wa mbali ya boma amene akugona pamalopo. Mulembenso pasadakhale madigiri ndi malita amene, akapanda kufikidwa, ntchito ya magetsi iima ndipo chitsimecho chiperekedwa ku zoumitsira nsomba ndi mbewu mmalo mochikwirira. Mafumu ndi anthu ogwiritsa ntchito akasupe auzidwe asanaone galimoto, ndipo kuchuluka ndi kutentha kwa madzi a pa kasupe kuyezedwe mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu makina asanafike, iwo akuona. Pomaliza, mabokosi onse a miyala yotuluka m'zitsime, zolemba za kutentha ndi malipoti a tsiku ndi tsiku zikasungidwe ku Geological Survey ku Zomba, ndipo ndalama yomaliza ya kontirakitala isatuluke zinthuzi zisanafike kumeneko, zolembedwa manambala a mamita pa bokosi lililonse.

Ndife anu,
Akatswiri a za miyala, madzi a pansi pa nthaka ndi kuboola zitsime